Njiri ndi Chipika cha Pachipata

Padangokhala. Vomerani msanga anzanga kuti tili tonse, chifukwa nthano iyi ikundiotcha m'kamwa ngati mbatata yongophula kumene. Ndi yachisoni, ndisakunamizeni, koma chakumapeto ndakusungirani kanthu kabwino, ndiye musachoke.

Padangokhala Njiri, mmisiri wamkulu wosula makasu. Chipala chake analandira kwa amalume ake, ndipo pamodzi ndi chipalacho anamusiyira zinthu ziwiri. Choyamba chinali moto. Moto umenewu anayatsa ndi makolo ndipo unali usanazimepo. Nyama zonse zinkakhulupirira kuti khasu losulidwa pa moto wina silibereketsa munda, choncho mwini motowo ndiye anali mmisiri wa dziko lonse. Ukangozima, umisiri wathera pomwepo.

Chachiwiri chinali chipika chakale chimene chinkakhala pachipata. Aliyense wobwera kudzafuna ntchito, amalume aja ankamukhazika pamenepo, kaya malo alipo kaya palibe. Ankamupatsa madzi akumwa, kumufunsa dzina ndi kwawo, kenako kumulowetsa kuti ayeseko mvukuto kapena nyundo. Akatero ankamuuza kuti lero malo palibe, koma azidzera ndithu akamadutsa. Ankakonda kunena kuti mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Njiri ali wamng'ono ankangoti amalume akewo ndi okonda macheza.

Antchito a Njiri anali atatu, onse akatswiri. Chule ankavukuta. Nkhanu, wamkulu pa onse, ankagwira chitsulo chamoto ndi zala zake zija, moti mbaniro sizinkafunika. Khwangwala ankaotcha makala. Pogwira ntchito ankaimba. Njiri ankatsogolera, nyundo ikugunda motsatira nyimbo, kudzitama kuti pachipala pake manja ndi okwana. Atatuwo ankavomera mmodzimmodzi, aliyense kutchula dzina lake ndi kulonjeza kuti sadzachoka. Chule ankavomera ndi mawu apansi, Khwangwala ndi mawu osasa, ndipo Nkhanu, poti kuimba sankatha, ankangogundanitsa zala.

Nyimbo ija Njiri anaikhulupirira. Amalume ake atangoikidwa m'manda, anadula nthambi ya minga n'kuipingasa pachipata. Wina akaodira, Njiri sankadzutsa n'komwe mutu. Ankangofuula ali m'kati kuti malo palibe, nyundo n'kupitiriza.

Tsiku lina kunabwera Gologolo, mtsikana wochangamuka, mchira uli m'mwamba. Anaodira mwaulemu, koma asanatchule ngakhale dzina lake, yankho linali litamupeza kale.

Gologolo sanapite kwawo. Anakwera mumtengo wa pafupi ndi chipata n'kukhala chete, kuonerera. Anaona Finye, kachule kozungulira kaja, akubwezedwa. Anaona Mfuko akubwezedwa. Chinkhanira atachedwa kuchoka, Njiri anamuwaza phulusa. Koma woipidwa kwambiri anali Gogomole, mbalame yogogoda mitengo, chifukwa iye ananena kuti amatha nyundo.

"Nyundo?" anatero Njiri. "Ndiye kuti ukufuna malo anga? Ndafa ine?"

Gogomole anauluka osatsanzika.

M'mawa mwake Gologolo anabweranso, ndipo Njiri asanafuule, iye anafulumira kunena kuti sakufuna ntchito. Anati chipika chija chikungotseka njira, mwina wina angapunthwepo, bwanji achichotse? Njiri anati achitenge, chimangoitana alesi. Gologolo anakaitana Mfuko, nakunkhuniza chipikacho mpaka pamphambano pamene njira ya kuchipala inkayambira.

Mkuja wake, uyo wabweranso.

"Akulu, anthu mumabwezawa mumakawataya kuti?"

Njiri anaseka mpaka nyundo inamupulumuka. Anati sawataya, amangodzitaya okha.

"Ndiye mundipatse ine."

"Tenga onse, mwana iwe. Ndi obwera mawa omwe."

Gologolo anapempha Khwangwala kuti akhale mboni ya mawu amenewo. Khwangwala anavomera akuseka.

Ulendo wachinayi Gologolo anabwera ndi phale m'manja. Anati alendo ake pachipika paja akumva njala, ndipo mtedza wauwisi ukuwatsekula m'mimba; amupatseko khala limodzi la moto kuti aziwakazingira. Anaonjeza kuti ngati pali mvukuto wong'ambika woti autaye, amupatsenso, azikhalira.

Nkhanu anasiya kugwira chitsulo. Anayamba kunena kuti motowu, amisiri, si moto wamba, koma Njiri anamudula.

"Khala limodzi, madala. Mukuopa kuti asulira mtedza?"

Gologolo analandira khalalo ndi manja awiri, nathokoza kawiri, n'kumapita pang'onopang'ono ngati wasenza madzi odzaza.

Ndiye tamverani zimene anachita mtsikana ameneyu. Analibe chipala, analibe ntchito yopatsa munthu, analibe ngakhale khasu lothyoka. Koma aliyense wobwezedwa kwa Njiri, akafika pamphambano, ankapeza Gologolo akumudikira. Ankamukhazika pachipika, kumupatsa madzi ndi mtedza wokazinga, kumufunsa dzina, kwawo, ndi chimene amatha. Kenako ankati aonetse. Anasoka mvukuto uja n'kupatsa Finye, naona kuti Finye amachedwa kuyamba koma akayamba satopa. Anapatsa Chinkhanira mwala wamoto kuti anyamule, naona kuti sagwetsa, ndiponso kuti saluma munthu pokhapokha ukamuimira kumbuyo. Anaona kuti Mfuko, ngakhale maso ake ndi ofooka, amadziwa ndi mphuno kuti makala apsa. Gogomole ankamenya mwala pamwala, malo amodzimodzi, osaphonya.

Nyama zodutsa zinkamuseka, kumutcha kapitawo wopanda munda. Finye yemwe tsiku lina anafunsa kuti nanga chipalacho chili kuti. Gologolo anayankha kuti chili m'njira, chikubwera, kungoti chimayenda ngati Finyeyo. Sanawanamize kuti ntchito ilipo. Ankawauza kuti apite akasake chakudya, koma tsiku la msika azidzera. Ndipo ankadzeradi, chifukwa munthu amabwerera kumene anamufunsa dzina. Moto wa mtedza uja Gologolo sanalole kuti uzime ngakhale tsiku limodzi.

Miyezi inapita. Mvula itayandikira, alimi anayamba kutula makasu awo akale kwa Njiri kuti awasule, mulu kufika m'chiuno. Ndi pamene Chule anabwera m'mawa atasamba bwino, akuyang'ana pansi. Anati wapeza mbeta kutsidya, ndipo akuchikazi anenetsa kuti akakhale chikamwini, akamange nyumba kwawo kwa mkazi mvula isanagwe.

"Koma iwe unkaimba kuti sudzachoka," anatero Njiri.

"Inali nyimbo, amisiri."

Njiri anachotsa minga pachipata n'kukhala kudikira. Tsiku linatha. Lachiwiri linatha. Palibe anaodira, chifukwa dziko lonse linali litadziwa kuti kwa Njiri kulibe malo. Anafunsa Khwangwala kuti kodi wozungulira uja, anabwera nthawi ya masika uja, dzina lake ndani? Khwangwala anati sakudziwa, poti sanamufunse. Amakhala kuti? Sanamufunsenso.

Njiri anatsetsereka kupita pamphambano, napeza Finye ali pachipika, akutafuna mtedza. Anamuuza kuti anyamuke, malo apezeka. Finye anayang'ana Gologolo.

"Akulu, ameneyu munandipatsa," anatero Gologolo. "A Khwangwala ndi mboni. Koma sindine woipa mtima. Tengani Finye, tenganinso chipikachi chibwerere pachipata, minga ija muitenthe. Onsewa azidzakhala pakhomo panu monga kale."

Njiri anayang'ana gulu lonselo, Mfuko, Chinkhanira, Gogomole ndi ena. Anati malo ndi amodzi, sakufuna msonkhano. Anatembenuka n'kumapita.

Eee, anzanga, apa ndiye pamandiwawa. Akanangovomera.

Pobwerera anamva wina akupemerera m'mbali mwa njira, fuu, fuu. Anali Mphiri, njoka yonenepa ija. Njiri anati mpweya wotere ndi umene ukufunika, namutenga osamufunsa kanthu. Atafika kuchipala, Mphiri anadzipinda pafupi ndi moto n'kugona. Anamudzutsa, osadzuka. Zinadziwika kuti Mphiri amapemerera pokhapokha akakwiya. Njiri anamuponda mchira. Mphiri anapemereradi, phulusa kuti kobo m'maso mwa onse, kenako anayamba kuthamangitsa aliyense. Masiku atatu palibe analowa m'chipala kupatula Nkhanu, amene ankakwawira kukasonkhezera moto. Mphiri anachoka yekha atatopa.

Kuyambira pamenepo Njiri ankavukuta yekha, kuthamangira ku nyundo, kubwereranso ku mvukuto. Nyimbo ankaimbabe, koma pofika pa mawu apansi paja pankangoti zii, ndipo onse ankadikira kamphindi ngati Chule avomera.

Sabata isanathe, Nkhanu sanatuluke kuntchito. Njiri anamupeza atabisala pansi pa mwala, ali mbuu, chigoba chake chakale chili pambali. Anali atafundula. Zala zija zinali zofewa ngati bowa. Nkhanu anati zimenezi zimamuchitikira pakapita zaka, ndipo kuti chigoba chatsopano chilimbe pamafunika mwezi.

"Nanga kale zikachitika, chipala chinkaima?" anafunsa Njiri.

"Sichinaimepo. Amalume anu ankangotuluka pachipata n'kuitana wina ndi dzina."

Njiri anatsetserekanso. Ulendo uno analankhula mofatsa, ndipo anati akupempha Chinkhanira kuti azikagwira chitsulo, za chipika zija angathe kuziganizira. Gologolo anati iye alibe mawu, afunse mwiniwake. Chinkhanira anasendera kutsogolo, mchira uli pansi mwaulemu.

"Amisiri, ndinayenda masiku awiri kudzakuonetsani zala izi. Munandiwaza phulusa. Pano anandipatsa madzi osukusula m'maso. Pepani, ndikhala konkuno."

Njiri anachoka chimanjamanja. Pobwerera anakumana ndi Nyani, naona kuti ali ndi manja a zala zisanu. Anamutenga. Nyani anavomera zonse, anati ntchito imeneyi anaigwirapo kwawo, pamene chipala anali asanachionepo. Chitsulo chitafiira, Nyani anachigwira. Anakuwa, nachiponya m'mwamba, nadumpha, naterereka, n'kukhalira chitsulo chomwecho. Ndisanene zambiri, mwamuonapo Nyani kumbuyo. Denga la chipala linatsala pang'ono kupsa, ndipo makasu asanu anaonongeka.

Tsopano nyimbo inali ya awiri. Njiri akatsogolera, Khwangwala yekha ndiye ankavomera, mawu osasa aja ali okha ngati kulira kwa pamaliro.

Kenako kunabwera uthenga wochokera kwawo kwa Khwangwala. Amalume ake anali atamwalira, ndipo mbumba inasankha iye kuti akalowe dzina. Zimenezi munthu sakana. Khwangwala anagwira ntchito mwamphamvu n'kusiya makala a masiku anayi. Potsanzika anauza Njiri kuti apite pamphambano, akavomere chilichonse chimene mtsikana uja anene, ngakhale atati asenze chipika pamutu.

Njiri anazengereza masiku atatu chifukwa cha manyazi. Tsiku lachinayi anapita. Ali patali anamva kugunda. Anamvanso nyimbo, ndipo inali nyimbo yake yomwe, koma mawu atasintha. Gologolo ankatsogolera, kutchula mayina a onse amene anakhalapo pachipika, amene alipo ndi amene anangodutsa, ndipo gulu linkavomera kuti abwere, madzi alipo. Panalibe wolonjeza kuti sadzachoka.

Chipala chinali chitafika. Finye ankavukuta mvukuto wosokedwa uja, Chinkhanira atagwira chitsulo, Gogomole akumenya, Mfuko akutula makala. Pachipika panali ena atatu, akudya mtedza, kudikira kuyesa.

Njiri anati wabwera kudzavomera zonse, chipika, minga, zonse.

"Mwachedwa, akulu," anatero Gologolo, ndipo sanaseke. "Tsiku lija ndinali ndi anthu opanda ntchito. Lero ali pantchito. Awa ali pachipikawa abwera dzana, sindinawadziwe bwino, ndipo sindingakupatseni munthu amene sindikumudziwa. Mwaona kale za a Mphiri."

Njiri anapsa mtima. Anati asule mmene angathere, palibe mlimi adzabweretse khasu pa moto wachilendo. Gologolo anangomupatsa mtedza, Njiri n'kukana.

Atafika kwawo anapeza makala atsala odzaza manja awiri. Anawathira onse pamoto, nathamanga kukaotcha ena yekha. Koma kuotcha makala kuli ndi mwini. Njiri anakwirira nkhuni ndi dothi lochepa, zonse n'kuyaka kusanduka phulusa. Anayambiranso, ulendo uno dothi lambiri, moto n'kuzima. Anayesa kachitatu. Pamene ankakumbukira za kuchipala, dzuwa linali litapendeka.

Anathamanga. Utsi kunalibe. Anagwada pang'anjo n'kulowetsa mphuno m'phulusa, kufukula uku, kufukula uko, kufunafuna ngakhale kakhala kamodzi kofiira. Phulusa linali lozizira mpaka pansi. Moto umene makolo anasunga mibadwo yonse unamuzimira iye, masana, kopanda mvula, kopanda mdani, chabe chifukwa panalibe munthu woti athirepo khala.

Alimi anamupeza ali chogwada. Njati anali patsogolo, atabwera kudzatenga makasu a mbumba yake. Ataona phulusa anakhala pansi. Mbawala anayamba kulira kuti chaka chino ana adya chiyani, popeza mitambo yayamba kale kusonkhana ndipo makasu ali mulu osasula. Palibe anakalipira Njiri. Kukhala chete kwawoko kunamupweteka kuposa kukalipa.

Tsopano, anzanga, kanthu kabwino kaja ndi aka, ndakasunga mokwanira. Pansi pa mwala panamveka mawu ofooka. Anali Nkhanu. Anati asalire, moto wa makolo sunafe. Anakumbutsa Njiri za phale lija, za khala limodzi lija, za mtedza. Anati moto umene ukuyaka pamphambano ndi womwewu, mwana wake weniweni, ndipo iye anaona ndi maso ake ukutuluka pachipata, wopatsidwa ndi mwini wake.

Njati anafunsa Njiri ngati zinali zoona. Njiri akanatha kukana. Koma phulusa lili mbuu kumaso, anagwedeza mutu kuvomera.

Alimi anasenza makasu awo, aliyense ake, n'kutsetsereka. Makasu onse anasulidwa mvula isanagwe, ndipo chaka chimenecho kunalibe njala. Mwaona? Ndinakuuzani kuti musachoke.

Koma Njiri anatsala yekha m'chipala chozizira. Ankadzuka m'mawa, kusesa, kukhala pansi. Nthawi zina ankayamba nyimbo ija, koma akafika povomera ankaleka. Pachipata panali potseguka tsiku lonse, ndipo pamalo pamene chipika chinkakhala panali patatsala kadzenje m'dothi. Ankakayang'ana kadzenjeko n'kumaganiza za nkhope zonse zimene sanaziyang'ane.

Mvula itagwa kawiri, ananyamula nyundo ya amalume ake n'kutsetsereka. Anaima patali n'kuodira, mawu ali pansi. Gologolo anatuluka akupukuta manja.

"Amayi," anatero Njiri, "ndabwera kudzafuna ntchito."

Nyundo ya Gogomole inaima. Finye anasiya kuvukuta. Chinkhanira anayang'ana phulusa limene linali pafupi naye, kenako anayang'ana kumbali.

"Malo palibe," anatero Gologolo.

Njiri anagwedeza mutu. Mawuwo ankawadziwa, anali ake. Anatembenuka kuti azipita.

"Mukupita kuti, akulu? Khalani apa."

Anamulozera chipika. Njiri anakhala, pamalo posalala pamene anthu ambirimbiri anakhalapo, pamene iye anali asanakhalepo chibadwire. Gologolo anamupatsa madzi m'chikho. Anamufunsa dzina, ngakhale ankalidziwa. Anamufunsa kwawo. Anamufunsa chimene amatha, ndipo Njiri, mmisiri wamkulu wa dziko lonse, anayankha chapansipansi kuti amathako nyundo pang'ono. Anamulowetsa kuti aonetse. Anamenya katatu, khasu n'kuongoka ngati lobadwa choncho, moti Gogomole yemwe anaimba mluzu.

Gologolo anati waona. Anati lero malo palibe ndithu, koma a Gogomole nthawi zina mutu umawapweteka, ndipo palibe amadziwa za mawa. Azidzera tsiku la msika.

Njiri anathokoza. Asanachoke anapempha kuti aothe pang'ono. Anagwada pafupi ndi ng'anjo, natambasula manja pa moto wa amalume ake, monga mlendo.

Akuti ankadzeradi tsiku la msika lililonse. Koma masiku enawo ankabwerera ku chipala chake chakale kukafukula phulusa, mwina kakhala kena kanabisala pansi. Ndiye mukadzaona njiri itagwada, mphuno ili m'dothi, musamati ikungodya. Ikufunabe.

Mbatata ija yazizira tsopano, anzanga. Nyemani, tigawane.